Ndasunga mlendo wa ku Mangochi m'nyumba mwanga ku Mabvuku, koma mawu achuluka. Ndithandizeni nzeru

Nabanda wa ku Mabvuku

Abale anga a muno mu Harare, ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo. Munthu ukamulandira m'nyumba chifukwa cha Khristu, koma iyeyo ali ndi chipembedzo chake ndipo mwina sadzapondamo m'tchalitchi mwako, kodi chikondicho chapita pachabe? Nanga mlendo wotere umamusunga mpaka liti?

Ine ndimagulitsa tomato, anyezi ndi masamba kwathu kuno, katundu ndimakapikula ku Mbare Musika m'mbandakucha. Mwezi wathawu, ndikudikira mnyamata wa ngolo kuti andinyamulire mabokosi, ndinamva munthu akulira pafoni, Chichewa chosakaniza ndi Chiyao. Obadwira kunofe mukudziwa mmene mtima umadumphira ukamva chilankhulo cha makolo pakati pa Chishona chokhachokha. Anali mtsikana wamng'ono ndithu, kumbuyo atabereka mwana wongoyamba kuyenda, atakhalira chikwama chachikulu cha mizeremizere chija. Foniyo inali yobwereka kwa mayi wina wogulitsa mbatata, ndipo mbali inayo sikumayankhidwa.

Akuchokera ku Mangochi, amapita ku Johannesburg kutsatira mwamuna wake. Thiransipota amene anamulipira anamudutsitsa pa Mwanza, Tete mpaka Nyamapanda, koma atafika muno anamutsitsa n'kumuuza kuti adikire, akukasaka galimoto ina. Sanabwererenso. Ndalama zonse za ulendo zinapita naye. Mtsikanayo anagona pamsikapo usiku wonse, mwana atamufunditsa chitenje chimodzi, ndipo kuzizira kwa ku Mbare m'mamawa nonse mukukudziwa. Sindinaganize zambiri. Ndinamukweza kombi limodzi ndi tomato wanga.

Nyumba yathu ndi ya zipinda zinayi, chimodzi muli loja. Iye akugona ndi ana anga aakazi awiri, pamatiresi pansi. Ndi munthu waulemu, sadikira kuuzidwa ntchito. Pomwe ine ndikudzuka amakhala wapita kale kumjigo ndi zigubu, pajatu kuno ku Mabvuku madzi a m'mpopi ena mwa ana athu sanawaonepo chibadwire. Ndi Msilamu. Amaswali kasanu patsiku, amayala chitenje choyera pakona pa chipinda, ndipo asanayambe amasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi ndi kabotolo kamodzi ka madzi, mosamala kwambiri moti ana anga ayamba kuchita manyazi ndi mmene iwo amatayira madzi. Nyama yosadziwa amene wazinga sadya. Tsiku lina ndinaphika nkhuku, iye anangodya nsima ndi masamba osanena kanthu, ndinachita kumufunsa. Kuyambira pamenepo tikudya kwambiri kapenta, nyemba ndi soya.

Nditaifotokoza nkhaniyi kwa amayi anzanga pa mapemphero a Lachinayi, ndimayembekezera kuti wina anena kuti ndili ndi bulangete lapadera, kapena kathumba ka ufa. Wina anati ndasunga njoka, anthu a masiku ano sadziwika. Wina, amene ndimamulemekeza kwambiri, anati: "Mwachita bwino, koma mumubweretse Lamulungu. Ngati akana, ndiye mukudyetseranji munthu wokana Ambuye?" Wachitatu ndiye anandilasa mtima. Anati mumpingo mwathu momwemo muli amayi amasiye ogona ndi njala, sindinawatengerepo kunyumba, lero ndikukatola wa kumsika.

Bambo a kunyumba ndi mlonda, amagwira usiku. Sanamuthamangitse, koma ndimawaona akamayang'ana thumba la ufa. Dzulo anangoti, "Mayi, nkhaniyi ili ndi mathero ake?"

Mumtima mwanga sindikumva kuti ndinalakwa. Koma kumukakamiza kutchalitchi ndi mbale ya nsima m'manja mtima ukukana, ndipo kumuuza kuti azipita, apita kuti ndi mwana? Ndiuzeni, makamaka inu akuluakulu.

Agogo Phiri a ku Rugare

Mwanangu Nabanda, mdzukulu wanga ndiye akundilembera, maso anatha. Ndamva nkhani yako mpaka misozi.

Amayi anzakowo, ngati ndi a mtundu wathu, uwafunse kuti makolo awo anafika bwanji m'dziko muno. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi, kudutsa m'tchire la Tete, ena ankakwera malole a Ulere, ena ankalembedwa ndi bungwe lolemba antchito la Mthandizi kupita m'mapulazi a fodya ndi m'migodi. Palibe anabwera ndi kiyi wa nyumba m'thumba. Ukafika mu Salisbury, Harare ya lero, unkafunsa kuti a kwathu ali kuti, n'kukagogoda pakhomo pa munthu amene sunamuonepo. Ankakupatsa madzi osamba, nsima, ndi malo pansi, m'mawa n'kukuperekeza kwa kapitawo. Bambo anga anasungidwa ndi Mchawa wa ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi kwa mlendo wakoyo. Bambo anali Mkhristu wa ku Nkhoma, winayo Msilamu, ndipo palibe anauza mnzake kuti asiye kupemphera kwake. Ine ndinabadwa, ndinaphunzira, ndinagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, zonsezo zinayambira pamkeka wa Msilamu ameneyo.

Sindikudziwa kuti umapemphera kuti. Ine ndine wa CCAP, ndipo mpingo wathu kuno ndi mpingo wa alendo chiyambire. Mbusa Vlok anabwera mu 1912 kudzasonkhanitsa anthu a ku Nyasaland amene anamwazika m'mapulazi ndi m'makomboni, ndipo mu 1965 tinakhala sinodi ya CCAP patokha. Munthu akamwalira wopanda m'bale, magulu athu a maliro ndiwo ankagula bokosi. Sitinkafunsa kalata ya ubatizo tisanakumbe manda.

Ndipo ulendo wathuwo sunathe kale ayi. Tatchedwa dzina lonyoza lakuti mabwidi, tanenedwa kuti ndife opanda mutupo, chizindikiro cha fuko la munthu kwa Ashona. Lamulo la unzika la 2001 linatisandutsa alendo m'dziko lomwe tinabadwira, ziphaso zathu zinkakhala ndi chilembo cha A, kutanthauza mlendo. Mapulazi atalandidwa kuyambira 2000, ambiri mwa antchito amene anasowa kolowera anali ana a anthu a ku Malawi ndi Mozambique, opanda mudzi wothawirako. Mu 2005 boma litagwetsa nyumba pa ntchito yotchedwa Murambatsvina, nthumwi ya United Nations inati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Anzathu a Chishona ena anakwera basi kupita kumudzi. Ife tikanakwera yopita kuti? Tinasungana m'makhitchini ndi m'makonde, ndipo ena anatisunga ndi Ashona omwewo, ndisaiwale kunena zimenezo. Malamulo a dziko a 2013 ndiwo anatibwezera unzika, n'kuika Chichewa pa zilankhulo 16 za dziko lino.

Pa Levitiko 19:33-34 Mulungu akuuza Aisraeli kuti mlendo wokhala pakati pawo amukonde monga adzikondera okha, ndipo chifukwa chake akupereka chimodzi: nawonso anali alendo ku Igupto. Ngati pali anthu mu Harare amene sayenera kuvutika kumva vesi limeneli, ndife.

Nachisale wa ku Epworth

Agogo alankhula zoona, sinditsutsa. Koma achemwali a Nabanda, ine ndilankhula monga munthu amene anapsapo.

Ndinasungapo mnyamata wina amene anati akupita ku Beitbridge, wasowa ya basi. Ankayimba nafe nyimbo madzulo, ankatchula midzi ya ku Ntcheu yomwe amayi anga ankaitchula. Tsiku lina tikuchokera kutchalitchi tinapeza batire la sola, mafoni awiri ndi ndalama za fizi zapita. Mwana wanga anakhala pakhomo teremu yonse. Sindinasiye kuthandiza anthu, koma ndinaphunzira kuti amene amalipira mtengo wa chifundo changa nthawi zina si ine, ndi ana anga. Mayi amene anati anthu sadziwika musamuone ngati woipa mtima, mwina naye ali ndi bala lake.

Wanuyo akuoneka munthu wabwino. Komabe nkhani ya bambo a kunyumba musaitenge mopepuka. Mwamuna amene amachezera kuzizira usiku wonse pageti la eni ake, akafunsa kuti nkhaniyi ili ndi mathero, sakufunsa mwankhanza. Munamubweretsa mlendoyo musanawafunse, ndipo iwo akhala chete mwaulemu. Khalani nawo pansi mugwirizane nthawi.

Chinanso, onani pasipoti yake. Masiku amene anamudindira pa Nyamapanda akatha, mavuto agwera iye ndi inu omwe. Ngati mapepala palibe, ofesi ya kazembe wa Malawi ili momwemuno mu Harare, pitani naye akafunse za chikalata chobwererera kumudzi. Ndipo chonde musamusonkhere ndalama zoti akadutse Limpopo mozemba ndi khanda kumsana. Amayi ambiri achitidwa zoopsa m'tchire limenelo.

Muwerengenso Luka 10. Msamariya uja anamanga mabala, anamukweza pabulu wake, anamusamalira usiku umodzi kunyumba ya alendo. M'mawa anasiya ndalama ziwiri kwa mwini nyumbayo, nalonjeza kudzalipira zotsala, n'kupitiriza ulendo wake. Sanasenze yekha zonse, ndipo Yesu sanamudzudzule pa chimenecho.

Mphunzitsi wa Sande Sukulu, Highfield

Mayi Nabanda, ndiyankhe mbali ya tchalitchiyo, chifukwa ndi imene yandikhudza.

Amene anakuuzani kuti mumubweretse Lamulungu akufuna chinthu chabwino, kuti munthu adziwe Yesu. Inenso ndikufuna chimenecho. Koma mawu akuti "ngati akana mukumudyetseranji" sindikuwapeza mwa Ambuye wathu. Pa Luka 17 anachiritsa akhate khumi, anabwerera kudzathokoza mmodzi yekha. Yesu anafunsa za asanu ndi anayiwo, zinamupweteka, koma khate sanawabwezere. Pa Luka 14 akuti ukakonza phwando uitane amene alibe chokubwezera. Pa Mateyu 25, amene akuyamikiridwa chifukwa cholandira mlendo sankadziwa n'komwe kuti akulandira Mfumu. Ndipo Aroma 15:7 akuti tilandirane monga Khristu anatilandirira ife. Anatilandira tili otani? Paulo yemweyo pa Aroma 5:8 akuti anatifera tikadali ochimwa. Sanadikire kuti tiyambe talowa kalasi.

Mtsikanayo alibe ndalama, alibe m'bale, ali ndi mwana. Mukamuuza kuti tiye kutchalitchi apita, chifukwa akuopa kugona panja. Adzaimirira, adzakhala, mwina adzayimba. Koma chimene adzaphunzire n'chakuti kwa Akhristu nsima imagulidwa ndi chikhulupiriro, ndipo akadzafika kwawo adzanena zimenezo. Pempherani m'nyumba mwanu monga mwa masiku onse, mokweza, osabisa. Muuzeni kuti khomo la tchalitchi ndi lotseguka. Akafunsa chifukwa chimene munamutengera, muuzeni zoona, kuti ndi Yesu. Zotsalazo si ntchito yanu.

Za nthawi, a Nachisale sakulakwa, ndipo nkhawa imeneyi ndi yakale ngati mpingo womwe. Kabuku kena ka Akhristu oyambirira kotchedwa Didache, pa mutu 12, kamalangiza kuti wapaulendo athandizidwe mmene mungathere koma asapitirire masiku awiri kapena atatu, ndipo ngati akufuna kukhazikika, agwire ntchito adye. Kankanena za alendo achikhristu, komabe nzeru yake ikugwira pano. Wanuyo salinso wapaulendo wa masiku atatu. Ndiye funso n'lakuti adziimire bwanji payekha, kuno kapena kwawo.

Nabanda wa ku Mabvuku

Zikomo nonse. Agogo, ndawawerengera bambo a kunyumba zimene mwalemba, atangofika kuchokera kuntchito. Anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anayamba kundiuza za 2005, mmene iwo ndi amayi awo anagonera m'khitchini ya mayi wina wa ku Tafara nyumba yawo ya kuseri itagwetsedwa. Nkhani imeneyi sankaikamba kawirikawiri. Sananene kuti mlendo akhale mpaka kalekale, ndipo inenso sindikufuna zimenezo. Tagwirizana kuti akhale mpaka kutha kwa mwezi wamawa, uku tikufufuza njira.

A Nachisale, pasipoti ali nayo, anaisunga m'kati mwa malaya, ndiye thiransipota uja sanaitenge. Masiku atsala ochepa, tipita kukafunsa sabata ino. Za Limpopo musadere nkhawa, sindingalole.

Ndinamufunsa iye mwini chimene akufuna, chinthu chomwe tonsefe timakamba za iye osamufunsa. Akuti kubwerera ku Mangochi chimanjamanja akuchita manyazi, chifukwa ndalama za ulendowo amayi ake anagulitsa mbuzi ndi makina osokera. Mwamuna wake sakupezekabe pafoni, ndipo wayamba kuganiza kuti mwina ali ndi banja lina. Ananena zimenezi akutsuka mbale, osandiyang'ana. Kenaka anati amadziwa kuphika mandasi ndi zitumbuwa. Ndamugulira ufa wa tirigu, mafuta ndi yisiti, ndamupatsa kakona pa tebulo langa. Mandasi ake amathira kadamamu pang'ono monga amachitira kunyanja, ndipo ana a sukulu amawamaliza isanakwane 8 koloko. Ndalama zake akusunga m'kachitini, ndipo dzulo anaika dola imodzi pamwamba pa thumba la ufa osanena kanthu. Bambo anaiona.

Koma mawu a mayi wachitatu uja ndi amene sakundichoka, ndipo palibe mwa inu wawakhudza. Ndawaganizira kwambiri. Agalatiya 6:10 akuti tichitire onse zabwino, makamaka a banja la chikhulupiriro, ndiye mayiyo ali ndi vesi kumbuyo kwake. M'dera lathu muli gogo wina wamasiye amene akulera zidzukulu zitatu, makolo awo anapita ku South Africa ndipo satumiza kanthu. Amakhala benchi yakumbuyo, yunifolomu yake inayera kale ndi kuchapa. Tonse timamudziwa. Timamupatsa moni wa "Ambuye akudalitseni" n'kumapita, zomwe Yakobo 2:15-16 akudzudzula zija. Zimenezi n'zoona ndipo zikundipweteka.

Chimene ndikukana n'chakuti njala ya gogoyo ikhale chifukwa chothamangitsira mtsikanayu. Ndikamutulutsa lero, gogoyo sakhuta. Vesilo likuti onse, kenaka likuti makamaka, silikuti okhaokha. Pa Machitidwe 6 okhulupirira olankhula Chigriki atadandaula kuti amasiye awo akuiwalidwa pa chakudya cha tsiku ndi tsiku, atumwi sanachotse ena pamndandanda. Anasankha amuna asanu ndi awiri kuti aliyense afikiridwe. Ife amayi a Lachinayi tilipo ambiri. Aliyense atabwera ndi kapu imodzi ya ufa sabata iliyonse, gogoyo angadye, ndipo mlendo wina akadzapezeka pamsika sangakhale katundu wa munthu mmodzi. Ndikanena zimenezi Lachinayi likubwerali, ndipo ndiyamba ndapita kunyumba kwa mayi amene anandilasa uja kuti tikanene limodzi, chifukwa iye ndiye anaona chimene ine sindinkachiona.

Za tchalitchi, aphunzitsi, ndachita monga mwanenera. Lamulungu lapitali ndinamuuza kuti tikupita, akafuna atiperekeze, akafuna atsale, nsima aipeza chimodzimodzi. Anatsala. Titabwerako tinapeza wakolopa nyumba yonse. Madzulo tikupemphera anakhala pakhomo la chipinda, mwana ali pamiyendo, ndipo nditatchula dzina la mwamuna wake m'pemphero ndinamumva akulira. Sindikudziwa chimene Mulungu achite naye. Ndikufunitsitsa atadziwa Yesu wanga, sindibisa. Koma sindidzamugulitsa Yesuyo ndi malo ogona.

Abiti wa ku Mbare

Mayi Nabanda, ine ndine Msilamu, ndimawerenga kuno chifukwa cha chilankhulo chathu, ndipo kawirikawiri sindiyankha nkhani za tchalitchi. Lero ndalephera kukhala chete. Mulungu akulipireni pa zimene mwachitira mwana wathuyu, makamaka pa nkhani ya nkhuku ija. Anthu ambiri akanati wosauka sasankha.

Musasenze nokha. Asilamu ambiri a m'malokeshoni a Harare ndife zidzukulu za Ayao a ku Mangochi ndi Machinga, ndipo Chiyao chikadalankhulidwa m'makomo mwathu. Mtsikanayo akufunika amayi oti alire nawo m'chilankhulo chake, ndiponso oti amulangize za ukwati wakewo monga mwa chipembedzo chathu, pakuti mwamuna wosiya mkazi ndi mwana osawasamala ali ndi mlandu kwa ife. Tili ndi abale ambiri ku Johannesburg ndi ku Durban. Mukandiuza mudzi wa mnyamatayo ndi dzina la mfumu yake, uthenga uyenda pa WhatsApp m'magulu a anthu a kumudzi, ndipo anthu otere sachedwa kupezeka. Zimenezo mundilembere kumbali, osati pano.

Sindikubwera kudzamulanda m'manja mwanu. Ngati ali bwino kwanuko, akhale, ife tithandize ufa ndi sopo, ndipo ngati asankha kubwerera kumudzi tisonkha ya basi pamodzi, inu ndi ife, akakwere basi yodziwika osati ya thiransipota. Lachisanu tikatuluka kumzikiti ndibwera ndi amayi awiri ku Mabvuku. Pakadali pano mumufunse ngati kabuku ka kusikelo ka mwanayo anabwera nako, tione ngati katemera sanamudumphe, tikapite naye kukiliniki tsiku lomwelo.